Kufikitsa intaneti kunyumba kuchokera kusitolo popanda chingwe

Bambo wina wa ku Santhe m'boma la Kasungu wandilembera pa imelo. Akuti ali ndi rauta m'sitolo mwake momwe amagulitsamo feteleza ndi mbewu, ndipo akufuna kuti intaneti yomweyo izifika kunyumba kwake, mtunda wa mamita pafupifupi 400. Anagula rauta yachiwiri n'kuiika pawindo, koma netiweki imangobwera n'kumathawa, pomwe anyamata a pamsika ndiwo akumumalizira bando. Akufunsa chimene angachite.

Bambo, chingwe cha Ethernet sichingakuthandizeni chifukwa sichiyenera kupitirira mamita 100, ndipo rauta wamba imamwaza mphamvu zake mbali zonse ngati koloboyi, pamene inu mukufuna chinthu chowala mbali imodzi ngati tochi. Mugule zida ziwiri zotumizirana intaneti pa mafunde a wailesi, zopangidwira kuikidwa kunja kwa nyumba, monga TP-Link CPE510 kapena NanoStation ya Ubiquiti. Pozitchera, cha kusitolo muchiike pa access point (choulutsa netiweki), cha kunyumba pa station (cholandira), ndipo ziwirizo ziyang'anizane maso ndi maso. Musankhe za 5 GHz, chifukwa pa 2.4 GHz pali matchanelo atatu okha osalowererana, 1, 6 ndi 11, ndipo mafoni onse a pamsika amapanikizana pomwepo.

Nkhani yaikulu, imene ambiri amaipeputsa, ndi ya mitengo. Sikokwanira kuti mukakwera padenga la sitolo muziona malata a nyumba yanu, chifukwa mafunde a wailesi sayenda ngati ulusi wowongoka, koma amatupa pakati pa njira ngati chibwana cha dzungu. Pa mtunda wanuwo, kutupako kumafika mamita awiri ndi theka kuchokera pa mzere wapakati, ndipo magawo 60 pa 100 a danga limeneli ayenera kukhala opanda chotchinga. Ndiye kuti nsonga ya mtengo wa mango kapena bulugamu umene uli pakati ikhale pansi pa mzerewo ndi mita imodzi ndi theka. Ndinaonapo zida zimene zinamangidwa mu Okutobala mitengo ili mbee, zinagwira bwino ntchito, koma pofika Januwale masamba atachuluka ndi kunyowa, mwiniwake ankaganiza kuti anamugulitsa zakufa. Mankhwala ake anali kungowonjezera paipi yaitali. Mukamaloza zidazo, wina akhale pa laputopu kuwerenga mphamvu ya siginolo, ndipo mumange mabawuti ikafika pakati pa -50 ndi -65 dBm.

Za manambala ozindikiritsa chida chilichonse pa netiweki n'zachidule. Ngati rauta ya kusitolo ili pa 192.168.1.1, zida ziwirizo zipatseni 192.168.1.2 ndi 192.168.1.3, ndipo DHCP, imene imagawira mafoni ndi makompyuta manambalawa, isiyidwe yoyaka pa rauta ya kusitolo yokha. Rauta yanu yachiwiri ija musaitaye, idzagawa Wi-Fi m'nyumba, koma DHCP yake muzimitse.

Tsopano za anyamata aja. Ndikukayikira kuti pasiwedi munapatsako munthu mmodzi, iyenso anapatsa mnzake. Mlatho wa pakati pa zida ziwirizi ukhale ndi dzina lake ndi pasiwedi yake imene simudzauza aliyense, ngakhale mlamu wanu, popeza palibe foni yofunika kulowa pamenepo. Mutseke ndi njira yotetezera netiweki yotchedwa WPA2 ya AES, kapena WPA3 imene inatuluka mu 2018 ngati zidazo zili nayo. Njira yakale yotchedwa WEP musaiyandikire n'komwe chifukwa inathyoledwa kalekale, ndipo WPS, njira yolumikizira chida popanda kulemba pasiwedi, muizimitse pa marauta onse. Pasiwedi imaloledwa kufika zilembo 63, choncho palibe chifukwa cholembera dzina la sitolo ndi chaka chobadwa. Kubisa dzina la netiweki kapena kusankha zida zololedwa kulowa pa MAC address (nambala imene chida chilichonse chimabwera nayo) kumangotchinga ongodutsa, koma wodziwa zinthu sikumuletsa. Musinthenso mawu olowera pa tsamba loyendetsera chida chilichonse, poti zida zakale za Ubiquiti zinkabwera ndi dzina loti ubnt, pasiwedi yakenso ubnt, ndipo zimenezi zimadziwika ndi aliyense wofufuza pa Google.

Mvula isanayambe, paipi iliyonse muilumikize ndi waya wopita munthaka, ndipo pa chingwe chotsika padenga muikepo surge protector, kachida kotchinga magetsi obwera mwamphamvu mwadzidzidzi, chifukwa chiphaliwali chikagwa pafupi chimatsata chingwecho mpaka kukapsereza rauta ya m'sitolo.