Kodi dothi amaliyeza bwanji kuti adziwe ngati lili ndi poizoni?

Funso: Ndikufuna kulima masamba m'mbali mwa mtsinje, pamalo pamene kale ankaphwanyirapo mabatire akutha a galimoto. Dothi lake likuoneka lachonde. Kodi ndingadziwe bwanji ngati lili ndi poizoni?

Yankho: Maso ndi mphuno sizingakuuzeni zoona, chifukwa mtovu, chitsulo chapoizoni chopezeka m'mabatire, sununkha ndiponso suwola, moti umakhalabe m'dothi kwa zaka zambirimbiri. Tapani dothi pamalo angapo ndi supuni yoyera yapulasitiki, kuyambira pamwamba mpaka masentimita 15, ndipo la pamalo aliwonse mulisunge m'kathumba kakekake kolembedwa bwino, popeza poizoni amaunjikana mwa apo ndi apo. Mumtsinje tapani matope osalala pamene madzi amayenda pang'onopang'ono, osati mchenga, pakuti dongo ndi limene limagwira kwambiri zitsulo zoterezi.

Chipangizo cha m'manja chotchedwa XRF chimaonetsa mtovu pamalo pomwepo m'mphindi zochepa, koma dothi lonyowa limachisokoneza, ndipo mtovu ukachuluka chimavutika kuusiyanitsa ndi poizoni wina wotchedwa arsenic. N'chifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri labotale, kumene amaumitsa dothilo, kulisefa, kuliphika mu asidi, kenako n'kuyeza madziwo ndi makina a ICP-MS, amene amasonyeza mamiligalamu a chitsulo chilichonse pa kilogalamu ya dothi. Mankhwala ophera tizilombo monga DDT amayezedwa mwa njira ina, ya GC-MS, ndipo dothi lake limasungidwa m'botolo lagalasi.

Podikira zotsatira, chonde musadzale kanthu, ndipo ana asasewerepo, chifukwa mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa.