Kodi ndilembetse Ironman ana adakali aang'ono?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wa ana awiri, wamkulu wa zaka 6, wamng'ono wa zaka 2. Amathamanga, anamalizako theka la marathoni, ndipo mtima wawo uli pa Ironman. Akufunsa kuti alembetse pano kapena adikire ana asinkhuke.

Mayi, zikomo pondilembera. Musadikire kuti ana akule, koma musalipirenso usiku uno.

Ironman ndi kusambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, kenako kuthamanga marathoni yathunthu ya makilomita 42.2, zonse tsiku limodzi. M'mipikisano yambiri amapereka maola 17, ndipo mukapitirira maola 2 ndi mphindi 20 muli m'madzi, ulendo wathera pomwepo. Mpikisanowu unayamba mu 1978 pa chilumba cha Oahu ku Hawaii ndi anthu 15 okha, ndipo wopambana, Gordon Haller, anatenga maola pafupifupi 12.

Chovuta kwa kholo ndi miyezi yokonzekera, makamaka njinga. Kusambira ndi kwa ola limodzi, kumatheka m'bandakucha. Kuthamanga nakonso mumapita n'kubwera ana asanadzuke. Koma m'miyezi yomaliza mumayenera kukhala pachishalo maola 5 kapena 6 kamodzi pa sabata, ndipo mukangotsika mumavala nsapato n'kuthamangako kuti miyendo izolowere kusinthako. Pofika kunyumba miyendo ili njenjenje, mwana akukukokani kuti mumunyamule. Tsiku limenelo lapita lonse, ndipo alipo wina amene wasenza ana yekha kuyambira m'mawa.

Apa ine ndinalakwitsa. Ndinayamba ndalipira, mkazi wanga n'kumuuza pambuyo. Loweruka lina nditabwera kokapalasa, ndinapeza mwana wathu ali m'tulo pampando pafupi ndi chitseko, nsapato ali nazo kumapazi. Ndinali nditamulonjeza kuti tikasewera mpira, iye n'kumandidikira mpaka tulo tinamutenga. Mkazi wanga sananene kanthu. Ndinaima pakhomo chipewa cha njinga chili kumutu, mtima ukundiwawa. Mpaka lero ndikakumbukira zimandikhudza.

Ndiye musanalembetse, khalani pansi ndi bambo a kunyumba, kalendala ili patsogolo. Musawafunse kuti "mundithandiza?" chifukwa aliyense amavomera funso lotere. Aonetseni masiku enieni amene mudzakhale kulibe, maola ake, ndi amene adzatsale ndi ana. Nawonso asankhe masiku awo opuma, ndipo muwalemekeze ngati mmene mukulemekezera anu.

Maganizo anga ndi oti muyambe ndi theka lake, limene amalitcha 70.3: kusambira makilomita 1.9, njinga 90, kuthamanga 21.1. Theka la marathoni mukulidziwa kale, ndipo ulendo wautali wa njinga pokonzekera umakhala wa maola atatu basi, mwabwera ana akadali ndi tsiku lawo. Mukaona kuti banja lapirira bwino, Ironman yathunthu idzabwera chaka chinacho.

Ngati kusambira simunakuzolowere, yambani ndi kumeneko, ndipo pezani wokuphunzitsani. Padziwe losambirira pansi pamakhala mzere wokutsogolerani. M'nyanja mulibe mzere, madzi ndi akuda, ndipo mapazi a anzanu amakumenyani kumaso. Muyenera kuphunzira kudzutsa mutu n'kuona kumene mukulowera. Njinga yapakati pa sabata imangirireni m'nyumba pa trainer, chipangizo chogwira njinga kuti isachoke pamalo, muzipalasa mwana akugona chipinda china.

Nkhani ya tulo musaitenge mopepuka. Mwana akatentha thupi usiku inu n'kuchezera naye, m'mawa mwake musadzikakamize. Thupi limalimba pamene likupuma, ndipo losagona silichedwa kuvulala. Kulumpha tsiku limodzi sikuwononga miyezi 6. Kaonaneninso ndi dokotala musanawonjezere mitunda, makamaka ngati chibadwire wamng'onoyo mumamva kupweteka m'chiuno kapena mkodzo umadontha pothamanga. Zimenezi zimachizika.

Polembetsa, werengani bwino malamulo obweza ndalama ndi osamutsira malo anu ku mpikisano wina. Dziwaninso kuti Ironman salola kulowa ndi mwana pamzere womalizira. Mukatero amakuchotsani mumpikisano. M'malo ambiri njira yothamangira imazungulira kangapo, choncho gwirizanani ndi bambo malo amodzi pamene adzaime ndi ana, kuti azikuonani nthawi iliyonse mukudutsa.