Kodi buku lokondedwa ndi achinyamata ndilo loyenera mphoto?

Wowerenga wina wandilembera imelo yofotokoza kuti m'gulu lawo lowerenga mabuku mwabuka mkangano pa buku la nthano la achinyamata lomwe likuyenera kulandira mphoto ya Michael L. Printz. Akufunsa chifukwa chimene anzake akukanira buku limene achinyamata ambiri alikonda, lomwenso lili ndi phunziro labwino lotsutsa tsankho, n'kumakokera ku buku lina lovuta kuliwerenga.

Inu amene mwandilembera, anzanuwo sakulakwitsa pa mfundo yoyambayo, chifukwa ndi mmene mphotoyi inakhazikitsidwira. Imaperekedwa ndi American Library Association, bungwe la malaibulale la ku America, ndipo inayamba mu 2000 pokumbukira Michael L. Printz, yemwe ankayang'anira laibulale ya pasukulu ku Topeka, m'chigawo cha Kansas. Oweruza amawerenga mabuku amene anasindikizidwa ku America chaka chapitacho, olembedwera anthu a zaka 12 mpaka 18, n'kusankha limodzi lopambana ndi ena osapitirira anayi oti ayamikiridwe. Malamulo awo amanena poyera kuti sayeza kutchuka kwa buku kapena uthenga wake, koma luso la kalembedwe.

Ndikudziwa kuti zimenezi zimapweteka munthu amene buku linamukhudza mtima, koma ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Nkhani ya tsankho, imfa ya kholo kapena nkhanza zapakhomo imadzetsa misozi ngakhale italembedwa mofooka, ndipo n'zosavuta kuyamikira wolemba chifukwa cha ululu umene unali kale m'nkhaniyo iye asanagwire cholembera. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muliwerenge kachiwiri buku lanulo, tsopano mukudziwa mathero ake. Mvetserani mawu a wachinyamata amene akusimba nkhaniyo, muone ngati akuganiza ndi kulakwitsa monga munthu wa msinkhu wake, kapena ngati ali munthu wamkulu amene wabisala kumbuyo kwake kuti apereke malangizo. Onaninso makolo, aphunzitsi ndi adani ake: kodi ali ndi moyo wawowawo, kapena anaikidwamo kuti angotsimikizira phunzirolo? Mabuku ambiri a uthenga wabwino amagwera pamenepa.

Buku loyamba kulandira mphotoyi, Monster la Walter Dean Myers, limaonetsa bwino chimene oweruza amafuna. Limakamba za mnyamata wa zaka 16 amene akuzengedwa mlandu wokhudza kupha munthu, ndipo iye amalemba zam'khotimo ngati sewero la filimu, n'kusakaniza ndi zolemba zake za tsiku ndi tsiku ali m'ndende. Tsankho lilimo ndithu, koma wolemba salalikira. Kalembedwe komweko kamaonetsa mnyamata amene akudziyang'ana ngati mlendo, wosatsimikiza kuti iye ndi munthu wotani. Mu 2007 mphotoyi inapita ku American Born Chinese la Gene Luen Yang, lomwe limasimba nkhani m'zithunzi zojambula, ndipo mu 2019 inapita ku The Poet X la Elizabeth Acevedo, lolembedwa m'ndakatulo. Mabuku onsewa achinyamata amawawerenga mosavutika.

Apa ndi pamene anzanuwo akuyenera kusamala nawonso. Kuvuta kwa buku si umboni wa luso, ndipo wolemba amene amadumphadumpha nthawi kapena kusintha wosimba nkhani popanda chifukwa akungomutopetsa wowerenga. Afunseni kuti akuonetseni tsamba limene kuvutako kukubala chinthu chimene njira yolunjika sikanabala, ndipo inunso mubwere ndi masamba a buku lanu amene akuima paokha popanda kudalira phunziro. Musanakumanenso, tsimikizani kuti mabuku onse awiri anatulukadi m'chaka choyenera, chifukwa oweruza amalengeza chisankho chawo kumayambiriro kwa chaka chotsatira ndipo buku lotuluka kunja kwa nthawiyo saliganizira n'komwe.