Ululu wa m'mphechepeche wopanda chotupa: yankho kwa wosewera mpira amene wandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wosewera mpira wamiyendo, ndipo sinachoke m'maganizo mwanga. Iye akuti kwa miyezi ingapo akumva ululu m'munsi mwa mimba, chambali imodzi ya chinena, umene umatsikira m'mphechepeche akathamanga mwamphamvu, akatembenuka mwadzidzidzi kapena akamenya mpira wautali. Chotupa palibe, X-ray sinaonetse kanthu, wina wamuuza kuti mwina ndi sports hernia (dzina la Chingerezi limene ena amatchulira ululu wotere wa osewera), ndipo akufunsa ngati apite ku opaleshoni kapena angopuma. Koma chimene chinandilasa mtima ndi mawu ake omaliza, akuti mphunzitsi wa timu yake wayamba kumuona ngati waulesi wozemba zokonzekera.

Achimwene, ine ndikukukhulupirirani, chifukwa njira imene mukuyendayi ndinadutsamo. Ndinkasewera pakati m'timu yaing'ono, ndipo ululu wanga sunabwere ndi kugwa kapena kupondedwa kumene anthu akanaona. Unayamba pang'onopang'ono ngati kutopa wamba kwa pambuyo pa masewero. Kenako m'mawa wotsatira ndinkavutika kudzuka pabedi, moti ndinkayamba ndagudubuzikira chammbali kenako n'kudzikankha ndi mkono. Ndikayetsemula kapena kutsokomola ndinkamva ngati china chake chikung'ambika mkati, pafupi ndi fupa la pachinena. Chovuta kwambiri chinali chakuti thupi likatentha ululu unkachepa, choncho anzanga ankandiona ndikuthamanga bwinobwino madzulo, m'mawa mwake n'kundimva ndikudandaula kuti sindingathe kukwera masitepe. Kwa iwo zimenezi zinali zosamveka, ndipo ena anayamba kunena poyera kuti ndimasankha masiku odwala.

Dokotala woyamba anandipima mmene amapimira hernia yeniyeni, ija imene matumbo amatulukira pamalo ofooka a khoma la mimba n'kupanga chotupa. Anaika chala, anandiuza kuti nditsokomole, sanapeze chotuluka, ndipo anandipatsa mankhwala opha ululu n'kundilangiza kuti ndipume. Ndinapuma monga anandiuzira, ululu unazilala, ndinabwerera pabwalo ndili ndi chiyembekezo, koma nditangoyesa liwiro loyamba unabwerera pamalo omwewo ndi mphamvu yomweyo. Zimenezi zinachitika mobwerezabwereza mpaka ndinayamba kudzikayikira ndekha, kuti mwina anzanga aja akunena zoona, mwina vuto lili m'mutu mwanga. Munthu amene wathyoka mwendo amamangidwa chikhakha ndipo aliyense amamumvera chisoni, koma amene akumva kupweteka pamalo obisika, pamalo ochititsa manyazi kuloza pagulu, amasenza yekha ululu pamodzi ndi kukayikiridwa. Ndikudziwa osewera ena aluso amene anasiya mpira mwakachetechete pa chifukwa chimenechi, osauza munthu chimene chinawachotsa.

Amene anandithandiza anali mayi wina wa mafizo yemwe anali atagwirapo ntchito ndi osewera ambiri. Iye sanathamangire makina ojambula. Anandigoneka chagada, anaika chibakera chake pakati pa mawondo anga n'kundiuza kuti ndichipane mwamphamvu, ndipo ululu unatulukira mkati mwa ntchafu. Anandiuza kuti ndiyese kudzuka iye akundikankhira pansi pachifuwa, ndipo unatulukiranso, tsopano pamwamba pa fupa la pachinena. Anasindikiza ndi chala malo amodziamodzi akundifunsa ngati ululuwo ndi womwe ndimaumva pabwalo, kenako anapinda ndi kupotoza mwendo wanga kuti aone ngati mfundo ya m'chiuno ili bwino. Aka kanali koyamba kuti munthu adzutse dala ululu wanga n'kuuloza pamene uli, ndipo ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo ngakhale ndinali ndisanachire.

Zimene anandifotokozera ndi zimene ndikufuna nanunso mumvetse. Pafupa la pachinena pamakumana minofu iwiri yamphamvu. Mnofu wautali wapamimba umachokera kunthiti n'kudzamangirira pamenepo, ndipo umakokera m'mwamba; mnofu wamkati mwa ntchafu, umene madokotala amautcha adductor longus, umamangiriranso pomwepo ndipo umakokera pansi. Zili ngati mtengo umodzi womangidwa zingwe ziwiri zokokera kosiyana. Wosewera mpira amalimbitsa ntchafu tsiku ndi tsiku pomenya mpira ndi pokhota ali pa liwiro, pamene minofu ya m'munsi mwa mimba nthawi zambiri imatsalira, ndiye mbali yofookayo imayamba kutanuka ndi kung'ambika pang'onopang'ono. Chapafupi pomwepo pali kanjira kamene mwa amuna mumadutsa mitsempha yopita kumaliseche, ndipo khoma lakumbuyo la kanjirako likafooka, mitsempha yonyamula ululu imapanikizika. N'chifukwa chake ena amamva kupweteka kukutsikira kumaliseche, ndiponso n'chifukwa chake vutoli limapezeka kwambiri mwa amuna osewera mpira wamiyendo, rugby ndi hockey ya pa ayezi.

Madokotala enieniwo anatenga nthawi kuti agwirizane za vutoli. Jerry Gilmore, dokotala wa maopaleshoni wa ku London, analifotokoza m'chaka cha 1980 atathandiza osewera mpira amene ena anawalephera, ndipo mpaka lero ena amalitchula ndi dzina lake. Ku Philadelphia, William Meyers amaliona ngati kuvulala kwa minofu yapakati pa thupi. Mu 2014 akatswiri 24 ochokera m'mayiko 14 anakumana ku Doha, ndipo mgwirizano wawo umene unasindikizidwa mu 2015 unati ululu wa m'mphechepeche uzigawidwa potengera pamene ukuchokera: minofu yamkati mwa ntchafu, mnofu wokweza ntchafu wakutsogolo kwa chiuno, kanjira ka m'munsi mwa mimba kaja, fupa la pachinena, mfundo ya m'chiuno, kapena matenda ena osakhudza masewero. Iwo sanalimbikitse dzina lakuti sports hernia, poti kawirikawiri sipakhala hernia yogwirika. Ndikunena zimenezi chifukwa amene anakupatsani dzinalo sanakuuzeni kuti ululu wanu uli m'gulu liti, pamene chithandizo chimadalira gululo, ndipo wosewera mmodzi angathe kukhala ndi magulu awiri nthawi imodzi monga zinalili ndi ine.

Pano ndilankhula mosapsatira mawu. Kupuma kokha si chithandizo cha vutoli, ndipo aliyense amene amauza wosewera wa ululu wa miyezi yambiri kuti angokhala pansi akumutayitsa nthawi. Kupuma kumaziziritsa ululu koma kumasiya minofu yofooka kuposa kale. Mu 1999 Per Hölmich ndi anzake a ku Copenhagen anasindikiza m'magazini ya The Lancet kafukufuku wa osewera 68 a ululu wokhalitsa wochokera m'minofu yamkati mwa ntchafu. Theka lina linapatsidwa masewero olimbitsa ntchafu, mimba ndi chiuno kwa masabata 8 mpaka 12, pamene theka linalo linkangosisitidwa, kuwongoledwa minofu ndi kuikidwa makina. M'gulu lolimbitsa thupi osewera 23 anabwerera pabwalo opanda ululu, koma m'gulu linalo anabwerera 4 okha. Papita zaka zoposa 25 chidziwikire zimenezi, komabe osewera akuuzidwabe kuti agone kunyumba ndi mabotolo a mankhwala opaka.

Chimene chimandipweteka koposa ndi chizolowezi chopatsa wosewera mapiritsi kapena jakisoni wopha ululu kuti alowe m'bwalo pa masewero ofunika. Ululu ndi umene umamuuza wosewera kuti mnofu wafika pamapeto, ndipo ukatsekedwa pakamwa iye amathamanga ndi kumenya mpira pa mnofu wong'ambika kale. Timu imapeza mapointi ake, koma amene adzakhale miyezi ina akulephera kutembenuka pabedi ndi mnyamatayo yekha. Aphunzitsi amene amachita zimenezi akulakwa, ndipo sindiona chowakhululukira, makamaka poti njira yopewera ilipo ndipo siifuna chipangizo chilichonse. Pali masewero otchedwa Copenhagen adduction, pamene wosewera amagona chammbali atatsamira pa chigongono, mnzake n'kumugwirira mwendo wapamwamba, iye n'kumakweza thupi ndi mwendo wapansi. Kafukufuku wa ku Norway wosindikizidwa mu 2019, wokhudza matimu 35, anapeza kuti masewerowa anachepetsa mavuto a m'mphechepeche ndi 41 peresenti. Amatenga mphindi zochepa chabe pa nthawi ya zokonzekera.

Nanga opaleshoni?

Sindikutsutsa opaleshoni. Ine ndinachira ndi mafizo okha, koma mnzanga wina amene tinkasewera limodzi anachita masewero omwewo mokhulupirika osaona kusintha, ndipo anachira atachitidwa opaleshoni. Ululu wake unali wa m'kanjira ka m'munsi mwa mimba, ndipo gulu limenelo ndi limene mpeni umathandiza kwambiri. Ku Finland, Hannu Paajanen ndi anzake anasindikiza mu 2011 kafukufuku wa osewera 60 a vuto lotere: mwa 30 amene anaikidwa kaukonde kolimbitsa khoma la mimba kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, 27 anali atabwerera pa masewero pomatha miyezi itatu, pamene mwa 30 amene sanachitidwe opaleshoni anabwerera 8. Koma osewerawa anasankhidwa mosamala, atavutika kwa miyezi ndithu ndiponso atapimidwa kuti vuto silikuchokera kwina. Njira zochitira opaleshoniyi zilipo zingapo. Ena amang'amba n'kusoka khomalo popanda kaukonde, monga mwa njira ya Ulrike Muschaweck wa ku Munich, ena amaika kaukonde, ndipo ena amakonzanso pamene minofu iwiri ija imamangirira. Kuopsa kwake n'kwakuti munthu angathe kusokedwa pamimba pamene gwero lenileni ndi mfundo ya m'chiuno imene mafupa ake akukhulana, ndipo woteroyo amadzuka ndi chipsera koma ululu uli pomwepo. Ena ochepa amatsalanso ndi ululu wa mitsempha wochokera ku opaleshoni yomweyo.

Musadalirenso chithunzi chokha. Sikani ya MRI, yojambula mkati mwa thupi, imaonetsa bwino kung'ambika kwa minofu pafupa la pachinena ndi kutupa kwa mkati mwa fupalo, ndipo sikani ya ultrasound yojambulidwa munthu akutsokomola ingaonetse khoma lofooka, koma zizindikiro zofananazo zimapezekanso mwa osewera ambiri amene sakumva kupweteka kulikonse. Chithunzi chimakhala ndi tanthauzo chikagwirizana ndi zimene manja a wopima apeza. Ndipo amene wachitidwa opaleshoni sathawa mafizo, chifukwa mphamvu ya minofu sibwera ndi ulusi wosokera. Amayamba ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'onopang'ono molunjika, kenako kukhota ndi kumenya mpira, ndipo ambiri amabwerera pakati pa masabata 6 ndi 12.

Tsono kwa inu achimwene, malangizo anga ndi awa. Pezani wa mafizo kapena dokotala wozolowera osewera, akupimeni ndi manja mimba, ntchafu ndi mfundo ya m'chiuno, ndipo akuuzeni gulu la ululu wanu. Siyani kaye liwiro, kukhota ndi kumenya mipira yaitali, koma yambani masewero olimbitsa mkati mwa ntchafu, mimba ndi matako moyang'aniridwa kwa miyezi iwiri kapena itatu, mukuwonjezera mphamvu ya masewerowo pokhapokha ngati ululu sukukula m'mawa wotsatira. Ngati nthawi imeneyo itatha popanda kusintha, ndipo ululu uli m'kanjira kaja, kaonaneni ndi dokotala wa maopaleshoni amene wathandizapo osewera, mumufunse njira imene adzagwiritse ntchito ndi ndondomeko ya mafizo ya pambuyo pake. Koma mukaona chotupa chowawa chosabwerera mkati, makamaka mukusanza, kapena ululu wadzidzidzi kumaliseche, kutentha thupi, magazi mumkodzo, kapena kupweteka kokudzutsani usiku ndi kokulepheretsani kuima ndi mwendo umodzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.