Kodi ndisiye kuthandiza abale kuti pakhomo panga payende?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilinde mumzinda wa Lilongwe. Anandipempha kuti dzina lawo ndisalitchule, koma anavomera kuti ndiwayankhire pano chifukwa nkhani yawo ndi ya ambiri. Mwachidule analemba motere:

"Ine ndimakazinga mandazi pakhomo, bambo akunyumba ndi alonda pa kampani ina. Tili ndi ana atatu, komanso tikusunga mwana wa alamu anga amene ali fomu 2. Malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi, pofika pa 10 timakhala tayamba kale kukongola kuokala. Foni nayo siileka kulira: apongozi akufuna ya feteleza, achimwene anga akufuna ya kuchipatala, kumudzi kwagwa maliro. Mnzanga akuti ndisiye kuthandiza aliyense, ndilowe banki mkhonde. Ndikatero ndilakwa? Nanga ndidulenso chiyani, poti nyama tinaiwala kale?"

Achemwali, choyamba ndikuchotseni kamtolo kamene ndakaona m'kalata yanu: si inu owononga. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Dziko lathu limagula kunja mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ngakhale tirigu wopangira fulawa ya mandazi anuwo, ndiye kwacha ikagwa zonsezi zimakwera pamodzi, malipiro a mlonda ali pomwepo. Kumudzi nako sikunapume. Namondwe wa Freddy anakokolola minda kummwera mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira ng'amba inachititsa kuti Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, alengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Choncho amene akuimba foniwo sakukuyesani dala. Nawonso akhala akuyang'ana nkhokwe yopanda kanthu.

Funso loti mudulenso chiyani ndiliyankhe mosazungulira: zodula zatsala zochepa. Banja limene linasiya nyama, tiyi wa mkaka ndi buledi lafika kale pafupa. Pamene ndikuona kuti ndalama zikudontha ndi pa kagulidwe. Wosauka ndiye amagula zinthu modula kuposa wolemera, chifukwa amagula zatsiku: kawokumani ka ufa, mafuta oyeza m'kachubu, makala a m'kajumbo, shuga wa pasupuni, sopo wodula pakati. Aliyense amene wagawa katunduyo m'tizigawo waikapo phindu lake, ndipo wolipira ndinu. Tengani kope la mwana, mulembe chilichonse chimene mwagula kwa sabata imodzi, ngakhale machesi. Kenako muwerengere kuti timachubu ta mafuta timene mwagula tikanadzaza botolo lalikulu bwanji, mufunse mtengo wa botololo kuholoselo. Ine nditachita zimenezi koyamba ndinakhala chete kwa kanthawi ndithu.

Mudzati, "Ndalama yogulira chigubu chonse ndiitenga kuti?" Nokha simungathe, n'zoona. Koma amayi anayi a mpanda umodzi angathe. Chigubu cha malita 20 chigawidwe panayi, belo la shuga chimodzimodzi, thumba la makala mugawane ndi ndowa aliyense akuona. Mmodzi yekha akwere minibasi kupita kumaholoselo a ku Malangalanga, ya thiransipoti musonkherane. Apa ndiye pagona mfundo yanga yonse: mnzanu uja wakuuzani ngati kusunga ndalama ndi kuthandizana ndi adani, pamene munthu wa malipiro ochepa sangasunge kanthu ali yekha. Zotchipa zonse zimafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, ndipo ndalama yoteroyo kwa ife imapezeka tikaphatikiza.

Chimanga ndiye nkhani yaikulu. Zaka zambiri mtengo wake umakhala pansi nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kukwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale pamene anthu atha zakudya ndipo sukulu ikufuna fizi. Thumba limene mwagula mu Juni n'kulisunga bwino limakutetezani kuposa ndalama yobisa pansi pa matiresi, chifukwa ndalamayo ikutha mphamvu mwezi uliwonse, pomwe chimanga chikukwera. Koma kusunga kwake kukhale kwenikweni. Chimanga chiume gwa, muchipete, muthire mankhwala kapena muchiike m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati osalowa mpweya. Musawatsamiritse kukhoma kapena kuwaika pasimenti, ayikeni pamatabwa. Anankafumbwe akalowa, pofika Okutobala mudzapeza ufa wokhawokha wonunkha.

Ndiye pali nkhani ya mgaiwa, imene ndikudziwa kuti ena aipidwa nayo. Mukakonola, mumalipira chigayo kawiri, ndipo gawo lina la chimanga chanu limatsala ngati madeya. Mgaiwa mumalipira kamodzi, thumba limakhalitsa, ndipo ana sachedwa kukhuta. Vuto lake ndi manyazi basi. Tinakula tikumva kuti mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera komweko kapena wa kundende, moti mayi amalolera kugona ndi ngongole bola nsima iyere mlendo akabwera. Ngati bambo akukana, yambani ndi kusakaniza theka ndi theka. Ndipo tsiku limene mwakonola, madeya musawasiye pachigayo. Oweta nkhuku ndi nkhumba amawagula.

Zinazi mukuzidziwa kale, ndingozikumbutsa: nyemba ziviikidwe usiku kuti zisadye makala ambiri, makala otsala muzime ndi mchenga, mphika ukhale wovindikira, masamba akachuluka mufutse. Nkhwani, bonongwe ndi mpiru zimamera ngakhale m'thumba la simenti kuseri kwa nyumba ya lendi, kuthirira ndi madzi otsukira mbale.

Tsopano za abale. Yankho langa n'lakuti musawadule. Sindikunena izi chifukwa cha ulemu wokha ayi. Inu ndi ine tilibe inshuwalansi ina. Tsiku limene bambo adzachotsedwe ntchito, ana mudzawatumiza kuti? Zovuta zikadzagwa pakhomo panu, amene adzakumbe manda, kutola nkhuni ndi kugona pasiwa ndi anthu omwewo, ndipo kumudzi amakumbukira bwino amene amabwera pamavuto a anzawo ndi amene foni yawo imakhala yozima. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Chimene chikukupwetekani si kupatsa koma kupatsa kopanda malire, kongodzidzimukira, kumene amene waimba foni molira kwambiri ndiye amatenga ya ndiwo za ana anu.

Ndiye chithandizo chipatseni mlingo ngati lendi. Mukhale pansi ndi bambo, mugwirizane kuti pamwezi ya abale ndi yakuti, kuchimuna ndi kuchikazi pamodzi, muiike padera tsiku la malipiro. Ikatha yatha. Mwezi umene palibe wapempha, musaidye, idikire mwezi wa maliro. Ndipo zopempha sizifanana. Kwa ine matenda ndi maliro zili patsogolo, sukulu ikutsatira. Nsalu ya yunifomu ya ukwati, perekaniperekani wa chinkhoswe, phwando la kukhitchini la mkwatibwi, izi mukhoza kupepesa n'kupita ndi manja anu kukathandiza kuphika. Palibe anamwalira chifukwa choti mlamu wake sanavale nsalu yofanana ndi anzake.

Za feteleza wa apongozi ndikuona mwayi, osati mtolo. Iwo ali ndi munda, inu muli ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi. Bwanji osapangana poyera kuti inu muthandiza feteleza mu Novembala, iwo akakolola akupatulirani matumba akuti? Ambiri timachita kale zimenezi koma mwakachetechete, aliyense akuyembekeza kuti mnzake aganiza yekha, kenako n'kumadandaulira kumbali. Nenani chiwerengero chake chisanadzalidwe chimanga, ndipo anene ndi mwana wawo, osati inu mtengwa. Mvula ikavuta, mwagawana tsoka. Ikagwa bwino, mwagula chimanga chanu pamtengo umene simungaupeze pamsika wa Kawale. Mwana wa alamu anu naye, makolo ake asangomutula. Thumba la chimanga kapena ndowa ya nyemba pateremu si chipongwe kupempha. Ndipo ngati bambo ali ndi abale ena m'tauni kapena ku Johannesburg, za amayi awo zisagwere nyumba imodzi. Atsegule gulu la pa WhatsApp, aliyense azisonkha mwezi ndi mwezi, ndalama izipita kamodzi. Kutumiza pang'onopang'ono kasanu pa Airtel Money kapena Mpamba kumangodyetsa ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa.

Kukana kuli ndi kanenedwe kake. Musazime foni, ndipo musanene kuti "ndiona mawa" mukudziwa kuti mawa kulibe kanthu. Ine bodza limeneli linandiphunzitsa mowawa. Malume anga anaimba kuti akufuna ya mayeso a mwana wawo, ine pochita manyazi ndinati Lachisanu nditumiza. Iwo anakakongola kwa munthu podalira mawu anga. Lachisanu litafika ndinalibe, ndinathamangira kwa wakatapila wina amene anandisungira khadi la kubanki ngati chikole, ndipo ndinalipira miyezi itatu ndalama imene ndikanangoti "malume, ndakwanitsa theka, linalo sindinama, palibe." Akanakhumudwa tsiku limodzi, n'kukayesa kwina nthawi ikadalipo.

Nanga banki mkhonde? Lowani, koma maso ali tcheru. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo dongosolo lake lenileni ndi losavuta: anthu odziwana 15 mpaka 25, kugula masheya sabata iliyonse, bokosi la maloko atatu makiyi ake ali kwa anthu atatu osiyana, kathumba kapadera ka matenda ndi maliro, kenako kugawana pakatha chaka. Zikamayenda motero ndi chinthu chabwino kwambiri. Koma magulu ena a m'tauni anasanduka katapila wovala chitenje. Amakakamiza membala aliyense kukongola kuti phindu lichuluke, ngakhale alibe chochita nayo ndalamayo. Tiwerengere limodzi: mwatenga K50,000 pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti pamwezi. Mwezi uliwonse mukufunika K10,000 ya chiwongola dzanja chokha. Mukalephera kubweza yeniyeniyo kwa miyezi itatu, mwapereka K30,000 ndipo K50,000 ija ikadali pakhosi panu. Apa ndi pamene mayi amalowa gulu lachiwiri kuti abweze loyamba, lachitatu kuti abweze lachiwiri, mapeto ake anzake omwe ankaseka nawo akubwera kudzanyamula mapoto ndi matiresi.

Musanalowe, funsani mafunso atatu: kodi kukongola n'kokakamiza, kope lolembamo ndalama limawerengedwa pamaso pa onse, ndipo ndalama yotsala imagona kwa ndani? Gulu likhale limodzi lokha. Mukakongola, ikhale ya fulawa ndi mafuta a mandazi, chinthu chimene chibweze chokha. Ya ndiwo kapena yotumiza kumudzi musakongole kumeneko.

Chinanso chimene sindimvetsa ndi chakuti magulu ambiri amagawana mu Disembala. Ndalama ya chaka chonse imafika m'manja sabata ya Khrisimasi, pamene zovala za ana, mpunga ndi nkhuku zili pamtengo wapamwamba, ndipo pofika Januwale anthu ayambiranso kukongola. Mukakhala ndi mawu m'gulu lanu, pemphani kuti muzigawana mu Meyi, ndalama ipite kuchimanga chili chotchipa, kapena mu Okutobala feteleza asanayambe kulimbiranidwa. Ngati zamasheya zikukuopsani, chipereganyu chilipo, chilibe chiwongola dzanja. Kungoti masiku ano wolandira kumapeto amapeza ndalama yake itafooka, ndiye ena anayamba kusonkherana katundu m'malo mwa ndalama: mwezi uno aliyense abweretse paketi ya shuga ndi sopo kwa uje, mwezi wamawa kwa wina. Paketi ya shuga imakhala paketi ya shuga ngakhale kwacha itagwanso.

Mukamakhala pansi ndi bambo pankhani ya mlingo ija, musasankhe tsiku limene amayi awo angoimba kumene, ndipo musayambe ndi feteleza. Yambani ndi achimwene anu. Nenani kuti, "Bambo, kwathu ndikufuna tizipereka zakuti pamwezi, osapitirira." Akaona kuti mpeni wayambira kwanu, za kwawo adzatchula okha. Kope lija likhale patebulo.