Sankhani kaye pulojekiti, zida zibwere pambuyo

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti waphunzira Python, ali ndi laputopu ya Windows, ndipo akufunitsitsa kuthandiza nawo pa mapulogalamu a open source, aja amene khodi yake aliyense angathe kuiwerenga ndi kuikonza. Akufunsa ngati ayenera kuchotsa Windows n'kuika Linux, komanso zida zoti ayambe kuika.

M'bale wanga, Windows isiyeni pomwepo. Musaikenso chilichonse musanasankhe pulojekiti imodzi, makamaka imene inu nomwe mumagwiritsa ntchito, chifukwa ndi imene idzakuuzeni zida zofunika. Tsegulani mafayilo ake awiri, README ndi CONTRIBUTING, muwerenge mofatsa mpaka kumapeto. Ambiri amadumpha pamenepa, kenako n'kumadabwa ntchito yawo itabwezedwa. Mapulojekiti salandira ntchito mofanana: ambiri amafuna pull request, ndiye kuti pempho loti alandire zimene mwasintha, pa GitHub kapena GitLab, mawebusayiti osungirako khodi, pomwe kernel ya Linux, yomwe ndi phata lake, mpaka lero imalandira zosintha kudzera pa imelo.

Ngati malangizo awo alembedwera Linux, ikani WSL ya Microsoft, imene imalola Ubuntu, mtundu wina wa Linux, kuyenda mkati mwa Windows. Khodi muziisunga m'mafoda a Ubuntu momwemo, chifukwa ikakhala ku C: ya Windows, Git, chida chosunga mbiri ya zosintha za khodi, imachedwa mokhumudwitsa.

Chida chimene simungachizembe ndi Git, imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Mukaika, iuzeni dzina lanu ndi imelo kudzera mu git config. Apa samalani, poti imeloyo imalembedwa mu commit iliyonse, ndiye kuti zosintha zilizonse zimene mwasunga mu Git, ndipo aliyense akhoza kuiona. Ngati simukufuna zimenezo, GitHub imapereka adiresi ya noreply yoti mugwiritse ntchito. Kuyambira mu Ogasiti 2021 GitHub inasiyanso kulandira pasiwedi potumiza khodi, choncho pangani kiyi ya SSH, yokuzindikiritsani m'malo mwa pasiwedi, ndi lamulo lakuti ssh-keygen -t ed25519. Lamuloli lipanga mafayilo awiri. Yothera ndi .pub ndi imene mupereke ku GitHub, inayo musampatse munthu aliyense.

Kenako pangani fork, ndiye kuti kope lanu la pulojekitiyo, mulikopere pa kompyuta ndi git clone. Onjezerani pulojekiti yeniyeni ngati upstream kuti muzitenga zatsopano zimene eni ake akusintha. Ntchito iliyonse izikhala pa branch yakeyake, ndiye kuti nthambi yapadera ya khodiyo.

Poti ndinu wa Python, mfundo iyi muigwiritsitse. Musamaike malaibulale a pulojekiti mu Python wa kompyuta yonse. Pulojekiti ina imafuna laibulale ngati Django wakale, ina watsopano, ndipo mukaziphatikiza zonse zimasokonekera. Lembani python3 -m venv .venv m'foda ya pulojekitiyo kuti mupange malo apadera a malaibulale ake, muyatse malowo, ndiyeno muike zonse zimene atchula. Zikavuta mumangofufuta foda ya .venv n'kuyambiranso, osawononga china chilichonse. Onaninso Python amene akufuna, nthawi zambiri amalemba mu pyproject.toml.

Za Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'malo awoawo otchingidwa, musavutike nazo pokhapokha ngati pulojekiti yanena, chifukwa imadya RAM yambiri. Polembera khodi, VS Code ndi yaulere ndipo imagwirizana bwino ndi WSL.

Nanga mudziwa bwanji kuti mwamaliza kukonza? Kwa ine yankho ndi limodzi: mayeso a pulojekitiyo ayende pa kompyuta yanu musanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Mapulojekiti ambiri a Python amagwiritsa ntchito pytest poyendetsa mayesowo. Yendetsani, muone amene apambana ndi amene alephera, mulembe penapake. Mukapanda kutero, tsiku limene mwasintha khodi n'kuona zofiira simudzadziwa ngati mwaphwanya ndinu kapena zinali zophwanyika kale. Ngati ali ndi pre-commit, ikaninso, kuti kalembedwe kazikonzedwa pa kompyuta yanu m'malo moti wosamalira pulojekiti, amene nthawi zambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, azikukumbutsani za mipata ndi makoma.

Mwina mudzatsatira malangizo onse koma zinthu n'kukana ndithu. Yambani mwafufuza mu issues, momwe anthu amalembamo mavuto a pulojekitiyo, ngati wina anakumanapo ndi vuto lomwelo. Ngati palibe, funsani, koma mutchule kuti muli pa WSL, Python wanu ndi uti, lamulo limene munalemba, ndipo mukopere uthenga wonse wa vutolo ngati mawu, osati chithunzi. Mukapeza kuti m'malangizomo munasowa sitepe ina, itumizeni ngati pull request yanu yoyamba.