Mawu a pemphero akakana kutuluka pa chemo

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, wandilembera imelo Lamlungu usiku. Ali pa chemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa ya m'mawere, akuti akagwada mawu sakutuluka, ndiye anzake akutchalitchi amuuza kuti chikhulupiriro chachepa, asale kudya masiku atatu. Akufunsa kuti kodi Mulungu wanditaya?

Mayi, imelo yanuyi ndawerengera mu taxi yopita ku Bree, misozi mbwee, mpaka gogo wina pambali panga kundifunsa ngati kwagwa maliro. Mwandikumbutsa achemwali anga. Iwowo anali mayi wa Mvano weniweni kwathu ku Mulanje, duku loyera mbee, akayamba kupemphera nsima imachita kuzizira. Anabwera ku Joni kuno kudzagwira ntchito yapakhomo, khansa ya khomo la chiberekero inawapeza mu 2021, chaka chomwe chipatala cha Charlotte Maxeke, chomwe chimathandiza odwala khansa ambiri kuno, chinapsa mu April, odwala khansa onse mitima ili m'mwamba.

Tinkakhala ka rumu kamodzi ku Yeoville. Tsiku lina atangochoka pa dripu kunabwera gulu la mapemphero, anthu asanu ndi atatu m'karumu komweko, ma pefyumu awo, kukuwa, kuomba m'manja, wina kuwagwedeza mutu womwe tsitsi linali litayoyoka kale, iwo atakumbatira beseni mseru uli pakhosi. Anandikoka chitenje nkunong'ona, "Ang'ono, atulutseni." Ine manyazi, ndinangoima ngati chitsa. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndipo ndinene pano, wokwiya akwiye. Kuuza munthu amene thupi lake likulimbana ndi chemo kuti asale kudya ndi nkhanza zovala jekete la uzimu. Mkamwa muli zilonda, chakudya chikumveka ngati chitsulo, sikelo ikutsika, inu nkumati asale? Za aneneri ogulitsa timabotolo ta mafuta ku Hillbrow, omwe amauza anthu kuti asiye mankhwala poti achira kale, ndisayambe, sindimaliza. Sindinaonepo mmodzi akusonkha ndalama yotumizira maliro kumudzi.

Chomwe chinawagwira mtima achemwali chinali chaching'ono zedi. Ma steroid aja amene amapereka limodzi ndi chemo amathawitsa tulo, ndiye cha m'ma 2 koloko usiku ndinkawamva akukoka mpweya pang'onopang'ono "Ambuye", potulutsa "ndili pano". Basi, mawu atatu, mobwerezabwereza, mpaka mapewa atatsika, nthawi zina mpaka mkonono. Neba wathu, bambo wachisilamu wa ku Mangochi, ankachita zofananako ndi tasbih yake, mikanda yopempherera ija, pa sitepe, ndipo awiriwa amamvana kuposa momwe ine ndimamvanirana nawo. Chotupa sichinachepe ndi kupumako, musanamizidwe, ntchito imeneyo inali ya madokotala. Koma mantha aja ogwira pakhosi ankamasuka, m'mawa nkumwako phala.

Ankandituma ndiwawerengere Salimo 88. Ine ndimati bwanji osati 23 yokoma ija, iwo ayi. Kaiwerengeni, munthu akungodandaula kuyambira pamwamba mpaka kuthera mu mdima, palibe aleluya kumapeto, koma ili m'Baibulo momwemo, palibe anaichotsa. Ndiye amene akuti kuuma pakamwa kwanu ndi kuchepa chikhulupiriro, akatsutsane ndi amene analemba salimoyo kaye.

Ndiye muchite chiyani

Musagwade ngati maondo akukana, gonani chagada. Sankhani mawu awiri atatu, kapena korona ngati ndinu a Katolika, mphindi zisanu zakwana. Idyani. Chemo musadumphe, ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 thamangani kuchipatala usiku womwewo, chifukwa chitetezo chimakhala chatsika. Chisoni chikapitirira masabata awiri osadya osagona, uzani nesi akulumikizeni ndi social worker, a CANSA, bungwe loona za khansa kuno ku South Africa, nawonso amathandiza ndi uphungu. Azimayi akutchalitchi aja auzeni azibwera awiriawiri, osathira pefyumu, atanyamula nkhwani wotendera.